Mwana Woyang'ana Nsapato Zake

Magetsi a ku Mufakose amabwera anthu atagona,
ngati mwamuna wa ngongole.
Ndipamene ndimatchaja foni n'kutsegula phunziro.

Sabata yatha kanema anandiphunzitsa kupeza mtsempha
pa mkono wapulasitiki wosadziwa kunjenjemera.
Ndinabwereza mpaka bandulo inatha.
Usiku uja munalibe singano, munalibe thonje.
Munali mpando, namwino,
ndi mwana woyang'ana nsapato zake.

Khala pansi, anatero mawu a m'foni,
maso ako alingane ndi ake.
Funsa mosazungulira: kodi umaganiza zodzipha?
Funso silibzala maganizo,
limangotsegula zenera m'chipinda chofuka kale utsi.

Ndinaimitsa pomwepo, chala chitazizira.
Kwathu mawu amenewo sitiwatchula.
Timati mwana adandaulanji, sadziwa mtengo wa ufa.
Timati ndi matama chabe, akakula asiya.

Kutacha, mzere wa kukiliniki unafika kumpanda.
Lonjezo, zaka khumi ndi ziwiri, kachitatu mwezi uno:
m'mimba, mutu, m'mimbanso.
Thupi silikutentha. Magazi ali bwino.
Akuthawa sukulu ameneyu, anatero azakhali ake,
natuluka kukayankha foni.

Ndinali nditagwira kale cholembera
kuti ndilembe panado.
Koma iye ankayang'ana nsapato zake.

Ndinakoka mpando, unalira pasimenti.
Za sukulu, chete. Za mpira, chete.
Nkhunda ndizo zinamutsegula pakamwa:
anali nazo zisanu ndi imodzi kuseri kwa nyumba,
Loweruka anazigawa zonse, ndi khola lomwe.
Amayi ali ku Joni, chaka chachitatu.
Bambo anaikidwa ku Mbudzi mvula isanagwe.
M'kalasi amamutcha bwidi, wopanda kwawo,
iye wobadwira pompano,
ndipo wina anamujambula akulira, kalasi yonse inaona.
Usiku sagona. Amamvera agalu.

Namwino wa m'kanema sanachite chibwibwi.
Ine lilime linauma ngati chikopa cha padzuwa.
Ndinafunsabe.

M'kanema chete amamudula, amaikapo kanyimbo.
Kuno sanadulidwe.
Panja kondakitala ankakuwa Mbare, Mbare,
khanda linkalira kusikelo,
ine ndinaluma mlomo kuti ndisadzaze mpatawo ndi mawu anga.
Kenako anavomera ndi mutu, kamodzi, pang'ono,
ngati wosenza ndowa yodzaza.

Ndinati, zikomo pondiuza.
Sindinatchule tchimo, sindinati tangoganiza za amayi ako.
Sindinachoke pampando.
Ndinatuma mlonda akaitane Sisita Marufu.

Azakhali atamva anakhala pansi penipeni, pasimenti,
foni ikulirabe m'manja.
Mwana ameneyu amadya, anatero, amadyatu.
Sisita anawagwira phewa:
mankhwala ndi zonse zoopsa muzikhomere,
usiku chitseko chake chisatsekedwe,
Lachinayi mubwere naye kwa mlangizi,
ndipo akayankhula, musathamangire kumuwongola.

Tinamupempha mayina atatu
a anthu amene angawadzutse pakati pa usiku.
Anatchula mphunzitsi wa masamu.
Anatchula azakhali, osawayang'ana.
Lachitatu linasowa.
Tinasiya mzerewo wopanda kanthu, tinati tidzaupezera mwini.

Lachinayi anabwera, yunifolomu yosasita.
Sanamwetulire, ndisaname.
Potuluka kwa mlangizi anaima pakhomo panga:
imodzi yabwerera yokha, yotuwa ija,
yagona padenga masiku awiri.
Ndinati, nanga khola?
Anati afuna makatoni kumashopu.

Za mwezi wamawa sindidziwa.
Mayeso anga ali pafupi, bandulo yathanso,
kanema akadali pomwe ndinamuimitsa,
namwino uja pakamwa pali yasa, funso lili m'njira.
Ndikudikira magetsi.